Kuwala komwe kumazilala kukamva fungo la bomba

Amene anadutsapo pa mabwalo akuluakulu a ndege ngati la OR Tambo ku Johannesburg kapena la Heathrow ku London mwina zinawachitikirapo. Wachitetezo amakukodolani kuti muime pambali, n'kutenga kansalu kakang'ono kukula ngati chidindo, n'kupukuta pa zipi ya chikwama, pa chogwirira, nthawi zina m'manja ndi pa lamba pomwe. Kansaluko amakalowetsa m'makina, ndipo pakangopita masekondi ochepa amati pitani. Chikwamacho sanatsegule n'komwe. Ndiye amafuna chiyani?

Pa intaneti pamatulukanso nkhani zina zodabwitsa: asayansi akuti apanga pepala lowala lozindikira mabomba, ena utoto wopopera, ena mpaka masamba a ndiwo. Zonsezi ndi nthambi za ntchito imodzi, yofufuza zotsalira zochepetsetsa za zinthu zophulika. Njira imodzi yomwe yakopa akatswiri ambiri m'zaka 30 zapitazi ndi yogwiritsa ntchito zinthu zowala. Mfundo yake si yovuta. Zovuta zili pa zomwe zimachitika chipangizo chikatuluka mu labotale n'kukakumana ndi fumbi, dzuwa ndi anthu.

Kufufuza bomba ndi kufufuza fungo lake

Makina a X-ray komanso timakina tolira tikayandikira chitsulo amafuna chinthu chenichenicho: maonekedwe ake, mawaya, kachitsulo kobisika. Kufufuza zotsalira n'kwina. Munthu akagwira zophulika, tizidutswa tosaoneka ndi maso timamatirira kuzala, ndipo amatisiya pa chilichonse chomwe angagwire pambuyo pake, kaya ndi chitseko cha galimoto kapena zipi ija. Komanso zophulikazo zimatulutsa kampweya kake, komwe tingangoti fungo ngakhale mphuno ya munthu siingakamve.

Vuto n'lakuti kampweyako n'kochepa mosaneneka. Mutatsekera TNT, imodzi mwa zophulika zodziwika kwambiri, m'botolo pamalo osatentha kapena kuzizira kwambiri, n'kudikira kuti mpweya wa m'botolomo ukhute, TNT idzakhala pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 miliyoni a mpweyawo. Kuyerekeza ndi nthawi, ndi sekondi imodzi pa zaka zitatu. RDX, yomwe imapezeka m'zophulika zofewa zangati phula, imaposa pamenepa: sekondi imodzi pa zaka zoposa 5,000. Ziwerengerozi ndi za m'botolo lotseka. Bomba likakulungidwa m'pulasitiki, kapena likakwiriridwa m'dothi mphepo ikuwomba pamwamba, fungo lotsala limachepa kambirimbiri kuposa apa.

Dziko linaphunzira zimenezi mowawa pa 21 Disembala 1988, pamene ndege ya Pan Am yochoka ku London kupita ku New York inaphulika pamwamba pa tauni ya Lockerbie ku Scotland, n'kupha anthu 270. Bombalo linali la Semtex, imodzi mwa zophulika zofewa zija, yopangidwa ku Czechoslovakia, ndipo analibisa mu wailesi ya kaseti. Mu 1991 mayiko anasainirana pangano ku Montreal lokakamiza mafakitale kuti azithira dala mankhwala otulutsa fungo lambiri, monga DMNB, m'zophulika za mtundu umenewu. Kunali kuvomereza kuti fungo lachibadwa la zinthuzi n'losakwanira. Pa mabomba okwirira pansi chilengedwe chinathandizako chokha: TNT ya kufakitale imakhala ndi kachibale kake kotchedwa DNT, komwe kamauluka mosavuta, ndipo nthawi zambiri n'komwe kamayamba kufika pamwamba pa dothi.

Kuwala kobwereka

Pali zinthu zina zomwe zikawalitsidwa ndi kuwala kwa mtundu umodzi, zimakumeza n'kutulutsa kuwala kwa mtundu wina. Asayansi amati fluorescence. Chinthucho sichiyaka moto, sichitentha, ndipo mukachotsa nyali yomwe ikuchiwalitsa, nachonso chimasiya pompo.

Mbiri ya nkhaniyi yadutsa pa mankhwala omwe a kuno timawadziwa bwino, kwinini wa malungo. Mu 1845 John Herschel anaona kuti madzi osungunuliramo kwinini, oyera mbee, amaonetsa mtundu wabuluu dzuwa likawagunda mbali ina. Mu 1852 George Stokes wa ku Cambridge anapatula kuwala kwa dzuwa m'mitundu yake ngati ya utawaleza, n'kumayendetsa kachubu ka madzi a kwinini m'mitunduyo. Pofiira, pachikasu, pobiriwira, panalibe chochitika. Atangodutsa malire, n'kufika pomwe maso amaona mdima koma pali kuwala kwa UV, kachubuko kanawala buluu. Madziwo anali akumeza kuwala kosaoneka n'kubweza kooneka.

Chomwe chimachitika mkati n'chakuti kuwala kukagunda molekyu, yomwe ndi kachidutswa kochepetsetsa ka chinthu, kanthu kena kakang'ono ka mkati mwake kotchedwa elekitironi kamakhudzidwa: elekitironi imodzi imalandira mphamvu n'kukwera pamalo apamwamba. Siikhalitsako. Pakangodutsa kanthawi kochepa zedi, magawo ochepa a sekondi yogawidwa ka 1 biliyoni, imatsika kubwerera kwawo, ndipo mphamvu yotsala imatuluka ngati kuwala. N'zomwe zimachitika wa kubanki akaika ndalama ya pepala pansi pa nyali ya UV kuti aone zizindikiro zobisika, komanso m'malabotale a zipatala omwe amapaka makhololo utoto wowala kuti tizilombo ta chifuwa chachikulu tioneke pa maikulosikopu.

Chomwe TNT imachita ndi kuwalako

TNT inayamba ngati utoto. Julius Wilbrand wa ku Germany anaipanga mu 1863, ndipo kwa zaka zambiri inkadziwika ngati utoto wachikasu basi, chifukwa siiphulika wamba. Asilikali a Germany anayamba kuithira m'zipolopolo za mizinga mu 1902.

Molekyu yake ndi mphete ya maatomu a kaboni, yomwe yapachikidwa timagulu titatu totchedwa nitro. Timaguluti timakoka maelekitironi mwamphamvu, moti mpheteyo imakhala ndi njala ya maelekitironi nthawi zonse. Tsono molekyu ya TNT ikatera pa chinthu chowala, imapeza elekitironi ija itakwera pamwamba, isanatsike. Imaitsomphola kwa kanthawi. Elekitironiyo imabwererabe kwawo, koma podzera njira ina, ndipo mphamvu yake imathera m'kutentha pang'ono, osati m'kuwala. Chinthu chija chimazilala. Akatswiri amati quenching, ndipo masamu owerengera kuzilalaku anawalemba kale Otto Stern ndi Max Volmer mu 1919.

Choncho chipangizo cha mtundu umenewu sichiona bomba. Chimayang'anira kuwala kwake komwe, n'kulira kuwalako kukatsika. Koma ngati molekyu imodzi ya TNT ikuzimitsa molekyu imodzi yokha yowala pakati pa mamiliyoni omwe akuwalabe, kusinthako sikungaoneke. Apa ndi pomwe panali mfundo yofunika kumasula.

Waya wa mamolekyu

Amene anaimasula ndi Timothy Swager, katswiri wa za mankhwala wa ku America. Mu 1995, ali ku University of Pennsylvania, iye ndi mnzake Qin Zhou anasonyeza kuti mamolekyu owala akalumikizidwa n'kukhala unyolo umodzi wautali, womwe umatchedwa polima, amamva msanga maulendo makumi angapo kuposa akakhala payekhapayekha. Poyesa koyambako sanagwiritse ntchito zophulika, koma paraquat, mankhwala ophera udzu.

Taganizirani timagetsi tokongoletsa m'masitolo nthawi ya Khirisimasi. Babu lililonse likakhala ndi batire lakelake, limodzi likafa pakati pa mazanamazana palibe angazindikire. Koma onse akakhala pa waya umodzi wotsatizana, limodzi likangofa mzere wonse umathima, ndipo ngakhale wodutsa pamsewu amaona. Mu polima wa Swager, mphamvu yochokera ku kuwala siikhala pamalo amodzi. Imathamanga m'unyolomo, n'kudumphiranso ku maunyolo oyandikana nawo, kudutsa malo ambirimbiri isanatuluke ngati kuwala. Ikangokumana ndi molekyu imodzi ya TNT paliponse m'njiramo, ulendo wathera pomwepo. Molekyu imodzi imazimitsa dera lonse.

Panali chopinga china. Maunyolo oterewa akaumitsidwa kuti akhale kachikopa kopyapyala, amakonda kusanjikizana mothithikana, n'kumazimitsana okhaokha, ndipo fungo silipeza polowera. Atasamukira ku yunivesite ya MIT, Swager ndi Jye-Shane Yang anafalitsa yankho lake mu 1998. Anaika m'unyolomo timagulu tolimba totchedwa pentiptycene, tokhala ndi mapiko otuluka m'mbali. Mapikowo amaletsa maunyolo kugundana, ndipo amasiya timipata tomwe molekyu ya TNT kapena DNT imakwanamo bwino.

Nthawi yomweyo bungwe la DARPA, lomwe limalipirira kafukufuku wa asilikali a America, linali ndi ntchito yofuna kupanga mphuno ya galu yamagetsi yofufuzira mabomba okwirira. Kampani yaing'ono ya Nomadics ya ku Stillwater, m'chigawo cha Oklahoma, inatenga polima uja n'kupanga chipangizo chotchedwa Fido. Mkati mwake muli kachubu kagalasi kowonda, kopakidwa polima m'kati. Kapampu kamakoka mpweya kudzera kukamwa kofunditsidwa, kuti fungo lisamatirire panjira. Kanyali kamawalitsa kachubuko, ndipo diso lamagetsi limayeza kuwala kotuluka mosalekeza. Wogwiritsa ntchito amaona mzere pa sikirini ukutsika mwadzidzidzi, kapena amamva kulira. Mpweya woyera ukadutsamo, mamolekyu a TNT aja amachoka, kuwala kumabwerera, ndipo chipangizocho chimakhala chokonzeka kununkhizanso. Sichifuna mankhwala othira nthawi iliyonse, ndipo chimanyamulika ndi dzanja limodzi.

Ngakhale anachipangira minda ya mabomba, ntchito yake yaikulu inakapezeka ku nkhondo za ku Iraq ndi Afghanistan, komwe asilikali ankanunkhiza nacho magalimoto, katundu ndi manja a anthu pa malo ochitira chipikisheni, nthawi zina atachimangirira pa loboti. Swager analandira mphoto ya Lemelson-MIT ya madola 500,000 mu 2007. Dzina la Fido linapita m'manja mwa kampani ya FLIR mu 2010, yomwe nayonso inagulidwa ndi Teledyne mu 2021.

Zophulika zomwe sizizimitsa kuwala

Nkhani zambiri za pa intaneti zimathera pamwambapa, koma zophulika si TNT yokha. RDX ndi PETN zilibe mphete ija ya TNT, sizitsomphola maelekitironi mosavuta, ndipo fungo lake n'lochepa kwambiri. PETN ndi yomwe Umar Farouk Abdulmutallab anabisa m'kabudula wam'kati pa ndege yopita ku Detroit pa 25 Disembala 2009. Palinso TATP, yomwe zigawenga zinagwiritsa ntchito ku Paris mu 2015, ku Brussels mu 2016 ndi ku Manchester mu 2017. Imeneyi fungo ili nalo lambiri, koma ilibe gulu la nitro ngakhale limodzi, moti polima wofuna TNT imamudutsa osamva kanthu.

Pa zoterezi akatswiri anatembenuza mfundo ija. M'malo mwa chinthu chowala chomwe chimazilala, amapanga chinthu chosawala chomwe chimayamba kuwala chikakumana ndi zophulikazo kapena zidutswa zake zikaphwanyidwa. Ubwino wake ndi woti kuwala kotulukira mumdima n'kosavuta kuona, ndipo zinthu zomwe zingakuyambitse mwangozi n'zochepa. Kuipa kwake, mankhwalawo akasintha asintha, sabwereranso, ndiye pamafunika kumasintha kachubu. Zipangizo za masiku ano zimaika mitundu ingapo ya zinthu zowala pamodzi, uliwonse ndi ntchito yake, n'kumawerenga mayankho onse nthawi imodzi.

Mpofunika kunena kuti makina ambiri omwe amalandira kansalu kaja pa bwalo la ndege sagwiritsa ntchito kuwala. Ambiri ndi a njira yotchedwa ion mobility spectrometry: amatenthetsa kansaluko, n'kupatsa mamolekyu mphamvu ya magetsi, n'kuwathamangitsa m'kachubu, ndipo nthawi yomwe atenga kuti afike kumapeto ndi yomwe imawaulula. Njirayi imatha kutchula dzina la chomwe yapeza, ndipo imagwira mitundu yambiri. Zipangizo zowala zimaiposa pa kupepuka, kufulumira kuyamba ntchito ndiponso kumva fungo lochepetsetsa la TNT. Iliyonse ili ndi malo ake, ndipo mabungwe achitetezo ambiri amagwiritsa ntchito zonse ziwiri pamodzi ndi agalu.

Kulira kwabodza, ndi kulira koona kopanda mlandu

Chilichonse chanjala ya maelekitironi chingathe kuzilalitsa polima. Mafuta ena onunkhira ndi mankhwala ena a kumunda ali ndi timagulu ta nitro. Chinyezi ndi kutentha zimasintha kawalidwe. Kuwala komwe kumayendetsa chipangizocho, pamodzi ndi mpweya wa okosijeni, kumakalambitsa polimayo pang'onopang'ono, ndiye makinawo ayenera kusiyanitsa kuzilala kwa ukalamba ndi kuzilala kwa bomba.

Palinso kulira komwe si kwabodza koma sikusonyeza mlandu. Wogwira ntchito mu mgodi ku Copperbelt kapena ku Rustenburg, wophwanya miyala kukwale, msilikali, ngakhale wodwala mtima amene amamwa mankhwala a nitroglycerin, onsewa angathe kukhala ndi zotsalira zenizeni m'manja kapena pa zovala. Makina amanena zoona kuti pali kanthu, koma za mumtima mwa munthu sadziwa. N'chifukwa chake kulira kwa makina kumangotsegula mafunso ndi chipikisheni china, sikukhala chigamulo.

Ndipo pamsika wa zachitetezo pamalowanso akathyali. James McCormick wa ku Britain anagulitsa ku Iraq ndi mayiko ena kachipangizo kotchedwa ADE 651, pa mtengo wa madola masauzande ambiri kamodzi. Kanali kandodo kachitsulo kozungulira pa chogwirira, kopanda chilichonse chogwira ntchito mkati, kotengera kachidole kofufuzira mipira ya gofu. Khoti la ku London linamulamula kukakhala kundende zaka 10 mu 2013, koma ku Baghdad apolisi anapitiriza kukagwiritsa ntchito mpaka mu Julaye 2016, bomba litapha anthu ambirimbiri ku Karrada. Zipangizo zowala ndi sayansi yeniyeni, yoyesedwa ndi kufalitsidwa poyera. Koma nkhani ya McCormick ndi chifukwa chokwanira choti aliyense wogula afunse kuti chipangizo chinayesedwa ndi ndani, kuti, ndipo pa zophulika ziti.

Ku minda ya mabomba

Kuno kwathu nkhaniyi imatikhudza kwambiri kudzera ku Mozambique. Mabomba okwirira anatchedwa pa nkhondo yomenyera ufulu, kuphatikizapo mzere waukulu wozungulira damu la Cahora Bassa ku Tete, komanso pa nkhondo yapachiweniweni yomwe inatha mu 1992 itathamangitsira anthu pafupifupi 1 miliyoni ku Malawi. Dziko la Mozambique linalengeza pa 17 Seputembala 2015 kuti minda yonse yodziwika ya mabomba yayeretsedwa, ndipo bungwe la HALO Trust lokha linachotsa mabomba oposa 171,000. Ku malire a Zimbabwe ndi Mozambique ntchito yochotsa omwe asilikali a Rhodesia anatchera m'ma 1970 yapitirira kwa zaka zambiri pambuyo pake.

Ntchito yonseyi inagwiridwa makamaka ndi anthu ogwada pansi ndi makina ofufuzira chitsulo, mothandizidwa ndi agalu, magalimoto olima dothi, komanso abwampini. Bungwe la APOPO, lomwe linayambira ku Belgium ndipo limaphunzitsira makoswe akuluakuluwa ku Morogoro m'dziko la Tanzania, linawagwiritsa ntchito ku Mozambique. Bwampini ndi wopepuka moti saphulitsa bomba, ndipo akamva fungo la TNT amakanda pansi kuti alandire nthochi. Mphuno yamagetsi ija siinalande ntchitoyi, ndipo chifukwa chachikulu si kusamva kwa polima. Nyama imayenda yokha, imanunkhiza mobwerezabwereza, imatsata fungo komwe likuchokera, imafwenthera dothi n'kudzutsa tizidutswa tomwe tamatirira pa fumbi. Chipangizo chimangomva zomwe zafika pakamwa pake. Komanso fungo la bomba lokwiriridwa limayenda ndi madzi a mvula, moti pomwe lamveka kwambiri mwina si pomwe pali bombalo.

Ofufuza ena ndiye anaganiza zogawa ntchito: chamoyo chitolere fungo, kuwala kuliwerenge. Akatswiri a University of St Andrews ku Scotland, pamodzi ndi anzawo a ku Croatia, anayesa njuchi. Njuchi zikamauluka pamwamba pa munda, tizidutswa timamatirira pa ubweya wa thupi lake, ndipo pobwerera kumng'oma zimadutsa pa kansalu kotolera zotsalirazo, komwe pambuyo pake amakakayeza ndi polima wowala. Mu 2017 gulu la Shimshon Belkin la ku Hebrew University ku Jerusalem linafalitsa zoyesa zake za mabakiteriya osinthidwa kuti aziwala akamva DNT: anawamwaza pa dothi ali m'timikanda, n'kuwaunika ndi kuwala kwa laser ali chapatali. Masamba a ndiwo aja ndi sipinachi wa gulu la Michael Strano la ku MIT, mu 2016, yemwe anamulowetsa timachubu ta kaboni m'masamba kuti kawalidwe kake kazisintha mizu ikamwa madzi okhala ndi zotsalira za zophulika. Zonsezi zikadali pa mlingo woyesa.

Zomwe sizinathe kuyankhidwa

Chaka chilichonse kumatuluka malipoti ambirimbiri a zinthu zatsopano zowala: timadontho tosaoneka ndi maso totchedwa quantum dots, utoto wopopera, komanso ma MOF, zomwe ndi timiyala todzaza ndi timabowo, tomwe anthu atatu omwe anatiyambitsa analandira nato mphoto ya Nobel mu 2025. Gulu la Jing Li la ku Rutgers linasonyeza mu 2009 kuti MOF yowala ingamve DNT ndi DMNB mumpweya. Koma akatswiri ena a m'gawo lomweli amadandaula kuti malipoti ochuluka amayesa picric acid, mbale wake wa TNT, yosungunulidwa m'madzi, chifukwa ndi yosavuta kupeza mu labotale. Mankhwala amenewa ndi achikasu, ndipo amatha kungotchinga kuwala kwa nyali kusanafike pa chinthu chowalacho, kuzilala n'kuoneka ngati kwachitika. Kodi ndi zingati mwa zinthu zatsopanozi zomwe zingamve fungo lenileni mumpweya wa panja? Ndipo ndani ayenera kukhazikitsa muyezo umodzi woti onse aziyesera, pamene zotsatira za mayeso a maboma nthawi zambiri zimasungidwa mwachinsinsi kuopa kuphunzitsa zigawenga?

Funso lina ndi la malire a kumva. Chipangizo chikamamva zochepetsetsa, chimayambanso kulira pa zotsalira zakalekale zopanda vuto, makamaka m'madera omwe munachitika nkhondo, momwe dothi lonse lili ndi fungo la zipolopolo. Ena amati kuli bwino kulira kambiri pachabe kusiyana ndi kuphonya bomba limodzi. Ena amayankha kuti wachitetezo amene makina ake amalira pachabe tsiku lonse amatopa n'kusiya kuwakhulupirira, ndipo wochotsa mabomba amene akukumba paliponse pomwe palira samaliza munda. Mzere woyenera uli pati, ndipo ukhale umodzi pa bwalo la ndege ndi m'munda wa chimanga?

Pali nkhani ya zophulika zopangira kunyumba, zomwe zimasinthasintha mofulumira kuposa momwe makampani angasinthire timachubu tawo. Pali nkhani yoti mabakiteriya osinthidwa angaloledwe kumwazidwa m'minda ya anthu, ndipo wovomereza ndani. Ndiye pali ya ndalama: mayiko omwe ali ndi mabomba ambiri m'nthaka, monga Angola, Cambodia, Afghanistan ndi Ukraine, ambiri amadalira thandizo lakunja pa ntchitoyi, pamene ogula zipangizo zowala akuluakulu mpaka pano ndi asilikali ndi achitetezo a mayiko olemera. Kodi padzapezeka wolipirira chipangizo chotchipa, chopirira fumbi ndi kutentha kwa Okutobala, chomwe timachubu take tosinthira tingapezeke kufupi ndi munda womwe ukuyeretsedwa?